Chovundikira Futari cha Abiti Amidu

Abiti Amidu amwalira mwezi watha, ndipo ine ndikudziwa kuti apita atakwiya. Sikuti imfa ankaiopa ayi. Munthu amene wakhala akusambitsa mitembo ya amayi a kwa Mponda kuno kuyambira ine ndisanabadwe sangaope imfa. Chimene chinawawawa n'chakuti atsogola ndi iwo, pomwe anali atalumbira pamaso pa tonsefe kuti mkazi mnzawo wa pamitala, Abiti Juma, adzamusambitsa ndi manja awo, ndipo madzi ake sadzawatenthetsa. Mulungu sanawapatse mwayi umenewo. Abiti Juma akadali moyo, akuyendera ndodo, ndipo pamaliro anabwera.

Anafika dzuwa litakwera n'kulunjika kuchipinda kumene amayi ankakonza madzi ndi sanda. Pakhomo anapeza Mariamu, mwana wa malemu, ataima atapinda manja.

"Amao, pepani," anatero Mariamu. "Mayi anasiya mawu. Anati aliyense alowe, ngakhale wodutsa m'njira, koma inu mukhale panja."

Abiti Juma anakakhala pansi pa mtengo wa mango, okhaokha, mpaka amuna ananyamula jeneza kupita nalo kumanda. Ena anati imeneyi ndi nkhanza, munthu sabwezedwa pamaliro. Ine ndinali pomwepo ndipo chisoni sichinandigwire ngakhale pang'ono. Ndikulemba izi kuti amene akunena za nkhanzawo adziwe kumene zinachokera.

Ine ndi Abiti Amidu sitinali pachibale, ngakhale chipembedzo chinali chosiyana. Ine ndine Mkhristu, ndimagulitsa nsomba zouma pamsika. Chinatikumanitsa ndi ulusi. Mukangotuluka m'tauni muno pa msewu wopita ku Monkey Bay pali sitolo yakale imene eni ake anaisiya kalekale. Anthu ena okonda zakale anaikonza n'kuisandutsa myuziyamu ya nsalu. Si yaikulu: zipinda ziwiri ndi khonde. M'katimo muli chiwondo, nsalu ya khungwa la mtengo imene makolo ankavala, muli zisoti za kumzikiti zopetedwa pamanja, zitenje zakale, ndiye malesi ndi madoilo amene amayi a m'mbali mwa nyanja akhala akuluka. Woyang'anira ndi a Mbewe, bambo wofatsa wa ku Dedza amene amayenda makiyi ali m'khosi. Loweruka lililonse pakhondepo pankakhala kalasi yoluka, ndipo mphunzitsi wake anali Abiti Amidu.

Ndinapitako kuti ndiphunzire kuluka madoilo a pamipando basi. Tsiku loyamba sanandifunse dzina. Anagwira manja anga n'kuwanunkhiza.

"Usipa uwu," anatero. "Kasambeni ndi ndimu. Ulusi sufuna ndiwo."

Amayi anzanga anaseka, ine ndinakwiya, koma ndinakasamba. Pambuyo pake ndinaona kuti aliyense ankamununkhiza chimodzimodzi, ngakhale mkazi wa bwana wa kubanki amene ankabwera atathira mafuta onunkhira. Ameneyo anamuuza kuti kununkhira nakonso ndi litsiro.

Ankabwera pa kabaza wa njinga yakapalasa, njinga yamoto ankaikana. Singano yawo yolukira, ya kangowe kunsonga, ankaibaya m'mpango wa kumutu, moti ukawaona patali umayesa ali ndi nyanga imodzi. Ukawapatsa ntchito yako sankaiona kutsogolo. Ankaitembenuza kaye, chifukwa kwa iwo kutsogolo kwa nsalu kunali kwa alendo, koma kumbuyo n'kumene ankati kumaoneka khalidwe la woluka. Akapeza pamene wadumpha, ngakhale pakhale pakati penipeni pa ntchito ya mwezi wathunthu, ankasolola singano yako n'kukoka ulusi, ukuona, mpaka kufika pa cholakwikacho. Ambiri analira pakhonde lija. Ena sanabwererenso. Iwo ankangoti ulusi wako uli pompo, palibe wakubera, yambanso.

Sindikufuna kuwayeretsa. Anali munthu wovuta. Wogulitsa nyama wina anawaikirapo fupa lalikulu pansi pa nyama ali mtsikana, ndipo sanagulenso kwa iye. Wogulitsayo atamwalira, sanagulenso kwa mwana wake, ati dzanja limayenda m'magazi. Ankakumbukira amene sanawapatse moni paukwati wa uje, amene anabwereka mphika n'kuubweza wopanda chivundikiro, amene anaseka pamene iwo anaterereka pamsika. Koma zabwino ankazisunganso chimodzimodzi. Mayi wina amene anawapatsa madzi akumwa pa basi, atagonekedwa kuchipatala, Abiti Amidu anakamudikirira mpaka anachira.

Ndi shehe wa mzikiti wa kwawo anakangana chaka chathunthu. Analuka nsalu ya patebulo yokhala ndi nsomba m'mphepete, shehe n'kuwatumizira mawu kuti Msilamu sapanga zithunzi za zamoyo. Iwo anabweza yankho lakuti chimene aluka ndi mabowo okhaokha, ngati shehe akuonapo nsomba ndiye kuti anatuluka m'nyumba asanadye. Shehe anawatchula pa ulaliki wa Lachisanu, mosatchula dzina koma aliyense anadziwa. Mkazi wa sheheyo atamwalira, amene anakamusambitsa n'kumuveka sanda mwaulemu wonse anali Abiti Amidu omwewo. Za nsomba sizinamvekenso.

Luso limeneli analiba, mwa kunena kwawo. Ali kamtsikana anakakhala kwa azakhali awo ku Malindi, ndipo kumeneko kunali mkazi wa mphunzitsi wa kumishoni amene ankaluka pakhonde masana. Iwo ankaima kuseri kwa mpanda n'kumasuzumira. Bambo awo atamva anawakwapula, poopa kuti mwana ayamba ndi ulusi n'kukathera m'tchalitchi. Sanasiye. Anatola sipoko ya njinga, anainola pamwala, n'kuisema kangowe ndi mpeni wa azakhali awo. Singano imeneyo anali nayo mpaka ukalamba, ngakhale kuti anagula zina zambiri za m'sitolo.

Tsono nkhani imene ndikufuna kunena inayamba ndi wailesi. Loweruka lina, Ramadani isanayambe, a Mbewe anatulutsa wailesi yawo pakhonde, nkhope ili ngwee, kuti timve myuziyamu yathu ikutchulidwa. Wowerenga nkhani anati Idi ikadutsa kudzatsegulidwa chionetsero cha malesi akale a m'mbali mwa nyanja, ndipo chinthu chokongola kuposa zonse ndi chovundikira chakudya chimene analuka Abiti Juma ali mtsikana. Anati chaperekedwa ndi mwana wawo Che Kassimu, wamalonda wodziwika amene magalimoto ake amadutsa pa Chiponde.

Abiti Amidu anamaliza kaye mzere umene ankaluka. Kenako anabaya singano m'mpango.

"A Mbewe, tachionetsani."

Tonse tinawatsatira m'chipinda cham'kati. Pafupi ndi windo panali kabati yatsopano ya galasi, pansi pake atayala nsalu ya buluu. Pansaluyo panali lesi yozungulira, kukula kwake ngati lichero, ya ulusi wopyapyala umene ine sindinauonepo m'sitolo iliyonse. Pakati panali kadiso, kenako mizere ya mamba a chambo yomka ikukula, m'mphepete mafunde. Pakona panali kachikwangwani: Cholukidwa ndi Abiti Juma. Abiti Amidu anawerama mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Ichi n'changa," anatero. "Abiti Juma saluka. Ngakhale batani sadziwa kusokerera."

A Mbewe anagwira makiyi awo. Si munthu woipa, koma ndi munthu wamantha.

"Anganga, ine ndimalemba zimene wandiuza wopereka. Ndipo mukudziwa kuti malata ali pamwambawa anatifolera ndi Che Kassimu. Muli ndi umboni? Chithunzi kaya, kapena munthu amene anakuonani mukuluka?"

"Amene anandiona ali kumanda onse."

"Ndiye ine ndipange bwanji?"

"Musapange kanthu, mwanangu. Sikomo."

Ife amene tinkawadziwa tinayang'anizana. Abiti Amidu akakalipa, nkhani inkathera pomwepo. Akathokoza ndiye kuti yangoyamba.

Mbiri ya chovundikiracho anatiuza tsiku lomwelo tikuwaperekeza, atakana kukwera kabaza. Anakwatiwa ndi Che Bwanali, msodzi amene anali ndi bwato lakelake, ndipo mwamunayo anadzamanga pamudzi pa mkazi monga mwa mwambo wa kuno. Ramadani yoyamba ya ukwati wawo, m'maola a masana aja njala ikamaluma, iwo ankaluka kuti aiwale m'mimba. Anayamba tsiku limene mwezi unaoneka, anamaliza madzulo a Idi isanache. Ntchito yake inali imodzi yokha: kuvundikira futari ya Che Bwanali, chakudya chomasulira kusala dzuwa likalowa. Mlendo aliyense, ngakhale shehe, ankavundikiridwa ndi mbale ina.

Patapita zaka Che Bwanali anatenga mkazi wachiwiri tsidya la Shire, kamtsikana, Abiti Juma. Abiti Amidu anati zimenezo sanazitenge ngati mlandu. Chipembedzo chimalola, ndipo mwamuna ankagawa masiku bwinobwino. Koma Ramadani ina Che Bwanali anadwala malungo ali kwa mkazi wamng'ono, masiku ake n'kupitirira. Iwo anaphika futari ya chinangwa ndi mbatata yothira nsinjiro monga mwini wake ankakondera, anaiika m'mbale yawo yabwino, anavundikira ndi lesi ija, n'kutuma mlamu wawo kuti akapereke.

Amene munakulira kuno mukudziwa kuti mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu. Umaikamo kampunga, kamchere, ngakhale ndimu ziwiri, n'kuvundikira ndi nsalu yomwe inabwera nayo. Ndi mmene amayi amauzirana kuti tili pamtendere. Mbale ya Abiti Amidu inabwerera yotsukidwa, yopanda kanthu, yopanda chovundikira.

Anafunsa kamodzi kokha, kudzera kwa mwamuna atachira. Che Bwanali anaseka n'kunena kuti kansalu kokha sikangakhale mlandu, aluke china. Kuyambira pamenepo masiku a kwa mkazi wamkulu anayamba kuchepa, ngati madzi a m'dambo mu Okutobala, mpaka anatheratu. Che Bwanali anamwalirira tsidya lija. Abiti Amidu atapita kumaliro anachiona chovundikira chawo chitayalidwa pamwamba pa wailesi, pamwamba pakenso atakhazikapo kabotolo ka maluwa apulasitiki. Sanalankhule, poti anali maliro. Ndipo china sanaluke. Mamba a chambo aja sanawalukenso moyo wawo wonse, ndipo ngakhale ife sanatiphunzitse.

"Mwamuna anatenga, ndinamusiyira," anatero titafika pa mpanda wawo. "Nsalu anatenga, ndinakhala chete. Tsono akufuna atenge ndi manja anga omwe?"

Ramadani yonse imeneyo anaphunzitsa mokoma mtima modabwitsa. Palibe amene anamumasulira ntchito. Sabata yomaliza anapita kwa a Mbewe n'kuwapempha kuti pa tsiku lotsegulira awalole kugwira chovundikiracho, afotokozere alendo kalukidwe kake, poti maso a Abiti Juma anafooka. A Mbewe anapuma mpweya wautali. Anayesa nkhalamba yagonja, ndipo anatiuza kuti mwezi wosala umafewetsa mitima.

Tsikulo panamangidwa tenti kutsogolo kwa khonde. Kunabwera akomiti ya myuziyamu, aphunzitsi, amalonda anzake a Che Kassimu, ndi mtolankhani wa wailesi ija. Che Kassimu anavala mkanjo woyera wa mafuta onunkhira, ndipo analankhula nthawi yaitali za luso la amayi athu limene likutha. Abiti Juma anakhala kutsogolo atafunda mpango watsopano wobiriwira. Mtolankhani anagwada pafupi nawo n'kuwalozetsa foni.

"Anganga, chinthu chokongola chonchi chinakutengerani nthawi yaitali bwanji?"

Abiti Juma anayang'ana mwana wawo, anayang'ana pansi. Ine maso anga anali pa Abiti Amidu, ndipo ndikulumbira kuti ankadikira yankho limeneli ndi mtima wonse. Mayi aja akanangonena kuti analuka ndi akulu anga awo ali apowo, chovundikira chikanakhalapo mpaka lero. Anapatsidwa mpata pamaso pa anthu, mpata waulere.

"Ramadani imodzi," anatero Abiti Juma.

Anthu anawomba m'manja.

A Mbewe anabwera nacho atavala magolovesi oyera. Abiti Amidu anaitanitsa madzi, anasamba m'manja, anapukuta, n'kuchilandira pamiyendo. Anachitembenuza kumbuyo monga mwa chizolowezi chawo. Kenako anayamba kuphunzitsa, ndi mawu omwe aja a pakhonde. Anati lesi yotere si ukonde, ilibe mfundo. Ndi ulusi wongokolana wokhawokha, ndipo chimene chimagwira zonse ndi pomalizira. Woluka akamaliza amadula ulusi n'kubisa mchira wake m'kati mwa mphepete, pamalo pamene amadziwa yekha.

"Tiyeni tifunse eni ake," anatero. "Abiti Juma, mchira munaubisa pati?"

Abiti Juma anangokonzakonza mpango wawo watsopano uja.

"Mwaiwala? Ndi ukalamba umenewo. Ndikuthandizani."

Anasolola m'mpango singano ya sipoko ija. Sanayang'ane n'komwe pansalupo. Anayendetsa chala m'mphepete, anaima pa funde lina, analowetsa kangowe n'kutulutsa kamchira kachikasu. Anakamasula, n'kukoka.

Mafunde anayamba kuthawa limodzilimodzi. Poyamba anthu anayesa ndi mbali ya phunziro, mtolankhani mpaka anayandikira kuti ajambule bwino. Iwo ankakoka ndi dzanja lamanja n'kumakulunga pa zala za kumanzere, kwinaku akulankhula ngati akucheza.

"Mzere uwu ndi wa madzulo a Idi. Ndinaumaliza mpunga ukupserera pamoto. Uwu ndi wa tsiku limene Che Bwanali anabwera ndi kampango wamkulu, tinagawira mudzi wonse. Uwu ndinaluka ndikusanza, ndisanadziwe kuti ndili ndi pakati pa Mariamu."

"Anganga, basi, zakwana," anatero a Mbewe. Anagwira mbali ina ya chovundikiracho kuti achilande.

"Gwirani zolimba, mwanangu. Mukamakoka mukundithandiza."

Ndipo zinali zoona, mzere wathunthu unathothoka m'manja mwawo. A Mbewe anachisiya ngati chawatentha.

Che Kassimu anadzuka n'kuuza amuna awiri amene amamuyendetsera magalimoto kuti awachotse Abiti Amidu. Palibe amene anasuntha. Mmodzi anayankha chapansipansi kuti, "Bwana, awa anasambitsa mayi anga." Ndiye anabwera yekha, anaima patsogolo pawo.

"Amao, mukutichititsa manyazi."

"Khala pansi, Kassimu. Iwe sunaname, unangouzidwa. Wonama akudzidziwa."

Pamenepo ife a m'kalasi tinanyamula mipando yathu n'kudzakhala mowazungulira. Palibe amene anatiuza. Zala zawo zitatopa anandipatsa ine mpukutu wa ulusiwo kuti ndizikulunga, iwo azikoka, ndipo ndinakulunga mosangalala. Ulusi unali wokalamba, unkaduka apa ndi apo. Ukaduka ankaumanga n'kupitiriza. Zinatenga nthawi, tiyi anazizira m'maketulo, koma palibe anachoka. Mamba a chambo ankatha mzere ndi mzere, iwo akubwerera m'mbuyo ndi masiku a Ramadani ija, mpaka m'manja mwawo munangotsala kadiso ka pakati, kakang'ono ngati ndalama yachitsulo.

Apo anaima. Anakayang'anitsitsa kadisoko. Anati aka analuka tsiku loyamba, Che Bwanali atakhala pamphasa pambali pawo akuwaseka kuti kanthu kakang'ono chonchi kadzavundikira chiyani. Ndinaganiza kuti akasiya. Ndinafuna kuti akasiye. Anakoka.

Kenako anadzuka, anatenga mpukutu uja ndi singano ya sipoko, anayenda mpaka pamene panali Abiti Juma. Anagwada bwinobwino, mawondo onse awiri, n'kuziika pamiyendo pawo ndi manja awiri.

"Amuna athu anandiuza kuti kansalu kokha si mlandu, ndiluke china. Lero ndikukuuzani inu. Ulusi ndi uwu, singano ndi iyi. Ramadani ibweranso, ndipo mwanena nokha kuti imodzi imakukwanirani."

Abiti Juma anadzuka osagwira kanthu. Mpukutu unagwa n'kugubuduka kulowa pansi pa mipando. Che Kassimu anawagwira mayi ake pamkono kupita nawo kugalimoto, ndipo a Mbewe anakwawa ndi magolovesi awo oyera kukatola ulusiwo.

Kunamveka za apolisi, koma zinazima zokha. Che Kassimu anazindikira kuti kubwalo funso loyamba lidzakhala lakuti analuka ndani. Komiti inawachotsa Abiti Amidu pa uphunzitsi. Wailesi inati chionetsero chatsegulidwa bwino, kungoti chinthu chimodzi chinawonongeka pang'ono. Ife tonse tinawatsatira kwawo, kalasi inasamukira pakhonde lawo, ndipo nkhanza zawo zomasula ntchito za anthu zinabwerera mwakale.

Tsiku lina tili awiri ndinawafunsa ngati sichiwapweteka. Chinali chinthu chokongola kuposa chilichonse chimene ndinaonapo, ndipo ine ndemwe ndinathandiza kuchiphwasula.

"Chimandipweteka tsiku lililonse," anatero. "Koma chikupweteka ine mwini wake."

Za kachikwangwani kaja anafunsa kamodzi kokha, atadwala kale, manja atatupa moti singano inkawapulumuka. Anandikodola kuti ndiyandikire pamphasa.

"Dzina lija anachotsa?"

Ndikanatha kunama, koma iwo bodza ankalinunkhiza ngati usipa. Ndinati sanachotse. Anatembenukira kukhoma. Chimenechi ndi chimene sindidzawakhululukira anthu aja. Nkhalamba inapita kumanda dzina lake lisanalembedwe pa ntchito ya manja ake, pomwe tenti yonse inaona ndi maso.

Sadaka yokumbukira malemu itadutsa, Che Kassimu anandipeza pabenchi langa pamsika. Anabwera wapansi, wopanda mkanjo. Anati a Mbewe ali ndi chithunzi chabwino cha chovundikiracho, ndipo aliyense akuti mwa ophunzira onse ine ndi amene ndingathe kuchilukanso.

"Mayi anga satulukanso m'nyumba," anatero. "Ana amawafunsa pamsewu kuti aluka mpaka pati. Chilukeni, mayi, ndi ulusi womwewo. Tidzalemba maina onse awiri."

"Awiri? Winayo anagwira ntchito yanji?"

"Anachisunga zaka zonsezi. Anali mwana pamene ankakwatiwa, bambo ndi amene anawauza kuti asabweze."

"Pa tsiku la tenti sanali mwana. Lembani dzina limodzi, la Abiti Amidu, mawa lomwe ndiyamba."

"Ndiye kuti ndalengeza kuti mayi anga ndi abodza, akadali moyo."

"Aphunzitsi anga anamwalira akudikira," ndinatero. "Mukufuna usipa wa zingati?"

Anachoka osagula. Ndikudziwa kuti ndi mwana amene akutchinjiriza mayi ake, ndipo mwina nanenso ndikanatero. Koma chisoni changa chonse chinapita ndi jeneza lija, palibe chatsala choti ndiwagawire.

A Mbewe anadzatipempha kuti kalasi ibwerere kumyuziyamu, ndipo tabwerera. Ndikuphunzitsa ndine. Mpando wa Abiti Amidu uli pomwe unkakhala, pafupi ndi mzati, ndipo ine ndimakhala pabenchi pamodzi ndi anzanga. Manja a anthu sindinunkhiza, ndilibe mtima umenewo, koma ndimu ndi madzi zimakhala pakhomo.

M'chipinda cham'kati kabati ija ikadali pawindo. A Mbewe sangataye ulusiwo poti ndi katundu wa myuziyamu, ndiye anauika m'katimo pamodzi ndi singano ya sipoko. Kachikwangwani sangakachotse poti Che Kassimu ali m'komiti, ndipo kukachotsa n'kuvomera. Dzuwa la Mangochi silinyengerera nsalu: miyezi imene chovundikira chinagona pamenepo linawaula buluu uja kudzera m'mabowo, moti ukayang'anitsitsa umaona chithunzithunzi chake chonse, kadiso, mamba, mafunde. Pakati pa chithunzithunzicho pali mpukutu wa ulusi wachikasu wodzaza mfundo. Pakona pali mawu aja: Cholukidwa ndi Abiti Juma.

Loweruka lililonse ndisanayambe kalasi ndimatenga kansalu n'kukapukuta galasilo. A Mbewe amayesa ndine munthu waukhondo. Ndimapukuta kwambiri pakona pali dzinapo, kuti aliyense wolowa aliwerenge bwinobwino, ayang'ane mpukutuwo, kenako afunse kuti nanga cholukidwacho chili kuti. Ndipo akafunsa, ine ndimakhala ndili pafupi.